Log ikuti mafuta akuchepa koma ku ekizozi kukununkha petulo, ndimvere ndani?

Sabata yatha wowerenga wina wanditumizira imelo yayitali ndithu, ndiyifupikitsa chonchi. Ali ndi galimoto ya masilinda 4, injini ya malita 1.8 yopanda turbo, anachotsa ECU (kompyuta yoyendetsa injini) yobwera nayo n'kuika ina yotchedwa Speeduino, anaikanso wideband (sensa ya mu ekizozi yoyeza ngati mafuta akuchuluka kapena kuchepa) ndi ma injekita aakulu omwe anachotsa pa injini ina. Anayenda mphindi 40 laputopu ili pampando ikujambula log (fayilo yolemba zomwe injini ikuchita), atafika kunyumba anauza pulogalamu kuti ikonze yokha tebulo la VE, lomwe ECU imawerengera mafuta oti ithire pa rpm ndi katundu aliyense, kuchokera pa log imeneyo. Pano galimoto ikunjanja akamanyamuka, pa idling ikununkha petulo mpaka maso kuwawa, koma akaponda moto wonse pachitunda geji ya AFR, yoonetsa magawo a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, ikuwonetsa 14.5. Funso lawo ndi loti, kodi log imanama, kapena ndine amene sindikuitha?

Achimwene, choyamba pachitunda paja siyani kaye kuponda moto wonse mpaka tikonze. 14.5 ndi nambala yabwino mukamayenda pang'onopang'ono pamsewu wosalala, koma injini ikamakoka ndi mphamvu zake zonse ndiye kuti mafuta akuchepa zedi, mkati mukutentha kuposa muyezo, injini imayamba kugogoda, ndipo mapisitoni ndi mavavu a ekizozi ndi amene amalipira. Injini yopanda turbo pa moto wonse imafuna pakati pa 12.5 ndi 13.0, ya turbo imafuna mafuta ambiri kuposa apo, cha m'ma 11 mpaka 11.8. Izi ndanena poyamba dala chifukwa tebulo lolakwika timakonza mawa, koma pisitoni yosungunuka ndi nkhani ina.

Log sinama ayi. Vuto lake ndi loti imalemba chilichonse osasankha, ndiye mukaipereka yonse kwa pulogalamu mmene ilili, pulogalamuyo imakhulupirira mzere uliwonse mofanana. Taganizani zomwe zinachitika mu mphindi 40 zija. Mphindi zoyambirira injini inali yozizira, ECU imawonjezera mafuta dala. Nthawi iliyonse mumaponda moto mwadzidzidzi ECU imathira kamafuta kapadera kaja ka accel enrichment, chifukwa petulo wina amayamba wamatirira m'makoma a manifold asanafike mu silinda. Nthawi iliyonse mumachotsa phazi giya ili mkati, ngati fuel cut ndi yoyatsa ma injekita amatsekeratu, mu ekizozi mumadutsa mpweya wokhawokha ndiye sensa imakuwa kuti kulibe mafuta. Zonsezo si vuto la tebulo la VE, koma pulogalamu ikapanda kuuzidwa imaziwerengera m'mabokosi a tebulo, bokosi ili likwere loyandikana nalo litsike, mapeto ake tebulo limaoneka ngati mano a sowo. Kunjanja kuja n'kumeneko, injini ikudumpha kuchoka pa bokosi la mafuta ambiri kupita pa la ochepa rpm itangosintha pang'ono.

Ndiye ntchito yeniyeni ndi kusefa. Mu TunerStudio ndi MegaLogViewer, mapulogalamu okonzera ECU ndi owerengera log, muli malo oikira mafyuluta, agwiritseni ntchito. Tayani mizere yonse yomwe madzi a injini anali asanafike cha m'ma 80 digiri. Tayani yomwe TPS (sensa ya mmene mwapondera moto) ikusuntha mwachangu, pamodzi ndi kamphindi kotsatira. Tayani ya fuel cut ndi sekondi imodzi kapena ziwiri za pambuyo pake poti makoma aja amakhala auma ndiye mafuta oyamba kubwerera amathera pomwepo. Mukasefa chonchi mupeza kuti pa mphindi 40 zija zatsala zochepa kwambiri, musakhumudwe, zochepazo ndi zomwe zili ndi ntchito. Ndipo bokosi lomwe lagundidwa katatu kokha musalisinthe, dikirani ligundidwe kambirimbiri.

Pali chinanso chomwe anthu ambiri sachiganizira, sensa ya wideband imakuuzani nkhani yakale. Mafuta apsa mu silinda, utsi utuluke pa vavu, uyende mu payipi mpaka ukafike pomwe munaboola n'kumanga sensa, kenako sensayo iwerenge. Pa rpm yokwera zimenezi zimachitika msanga, koma pa idling utsi umayenda mwaulesi moti kuchedwako kumatha kufika theka la sekondi ngati sensa ili kutali. Ndiye nambala yomwe mukuiona pa mzere wa 2500 rpm mwina ndi ya pomwe injini inali pa 2100. Pulogalamu ili ndi tebulo la lambda delay lokonzera zimenezi, koma njira yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi kayendetsedwe. Pezani msewu wautali wopanda anthu ambiri, mnzanu agwire laputopu inu maso pamsewu, lowani giya 3 kapena 4, gwirani phazi malo amodzi masekondi 5 kapena 10 kuti kadontho kosonyeza pomwe injini ili pa tebulo kakhazikike mu bokosi limodzi, kenako onjezani pang'ono mugwirenso. Chitunda chimathandiza kufika m'mabokosi a katundu wolemera rpm isanathamange. Log ya mphindi 15 yoyenda chonchi imaposa ya ola lathunthu yoimaima m'tauni.

Tibwere ku fungo la petulo lija, apa ndi pomwe ndikukayikira ma injekita anu. Injekita siitseguka pompo magetsi akafika, pamadutsa kanthawi, amati dead time, nthawi zambiri cha pa 1 ms, ndipo kamatalika magetsi a batire akatsika. ECU imawonjezera kanthawi kameneka pa pulse iliyonse (nthawi yomwe imapatsa injekita magetsi kuti itseguke), koma imadalira nambala yomwe inu mwailembera. Tiyerekeze pa idling pulse yonse ndi 2.0 ms, mwa iyo 0.9 ndi yotsegukira, mafuta enieni akutuluka mu 1.1 ms basi. Mukalakwitsa dead time ndi 0.2 ms yokha, mafuta alakwika ndi maperesenti pafupifupi 18. Kulakwitsa komweko pa moto wonse pomwe pulse ili 12 ms sikufika n'komwe maperesenti 2. Mwaona mmene zilili eti, ma injekita aakulu amafupikitsa pulse ya pa idling ndiye kacholakwika kakang'ono kamakula. Pulogalamu ikaona mafuta achuluka imatsitsa VE ya pa idling kuti ibise vutolo, zimaoneka ngati zatheka, koma mukangoyatsa magetsi akutsogolo ndi fani, voteji n'kutsika, zonse zimabalalikanso. Yesani zimenezo galimoto itaima, injini yotentha, log ikujambula. Yatsani zonse zamagetsi muone ngati lambda, nambala yomwe wideband imayeza, ikusuntha limodzi ndi voteji. Ikasuntha, vuto si VE, fufuzani nambala yolembedwa pa injekita mupeze dead time yake yeniyeni ndi kukula kwake pa presha yomwe muli nayo, yomwe pa magalimoto ambiri otere imakhala cha pa 3 bar.

Ndanena lambda, ndifotokoze chifukwa ndimakonda kuti muzijambula iyoyo m'malo mwa AFR. Lambda 1.00 ndi pomwe mpweya ndi mafuta zakwanirana ndendende, kaya mafutawo ndi amtundu wanji. Pa petulo weniweni ndi 14.7 kwa 1, pa petulo wosakaniza ethanol maperesenti 10 ndi cha pa 14.1, pa E85 ndi cha pa 9.8. Sensa imayeza lambda, nambala ya AFR pa geji ndi kungochulukitsa ndi 14.7 basi. 14.5 yanu ija ndi lambda 0.99, pomwe mumafunika cha pa 0.86 mpaka 0.88. Onetsetsaninso kuti nambala ya pa geji ndi ya mu log zikufanana, chifukwa waya wa ground akamangidwa malo olakwika, kapena mukasankha calibration ya wideband ina mu TunerStudio, geji imanena zina ECU n'kumamva zina, ndipo tebulo limakonzedwa potengera zomwe ECU yamva.

Komanso sensayo imadalira oxygen wa mu utsi, siyeza petulo mwachindunji. Silinda imodzi ikaphonya kuyaka, mpweya wonse wosapsa umapita mu ekizozi, sensa imati mafuta achepa pomwe petulo wamuwisi akutuluka kumbuyo. Chimodzimodzi ekizozi ikang'ambika sensa isanafike, imayamwa mpweya wakunja makamaka pa rpm yotsika. Izi zinandichitikira pa injini ina yomwe ndinkakonza, log imangoti lean pa idling, ine kuwonjezera mafuta, mawa lake lean yomweyo, ine kuwonjezeranso, pafupifupi masabata awiri. Tsiku lina nditamasula mapulagi onse anayi anali bii ngati makala, mwaye wouma wothothoka ndi chala. Ndinaliza injini ili yozizira n'kuyendetsa dzanja pafupi ndi manifold, ndinamva kampweya kakupuma pa chikhatho, pansi pa flange panali kamng'alu kokhala ndi mzere wakuda m'mbali mwake. Titawotcherera, lambda inagwa kufika 0.80 pa tebulo lomwelo. Kuyambira pamenepo sindikhudza tebulo ndisanaone mapulagi, ekizozi, mapayipi a vacuum ndi presha ya mafuta. Inunso masulani mapulagi anu musanachite china chilichonse, akuuzani ngati fungo lija likugwirizana ndi zomwe log ikunena.

Za pachitunda zija zitha kukhala zinthu zitatu, ndipo log yomweyo ikuthandizani kusiyanitsa. Mwina mabokosi apamwambawo sanakonzedwepo n'komwe poti m'tauni simunafikeko, ndiye akadali ndi manambala ongoyambira. Mwina tebulo la target, la manambala omwe mukufuna injini iziyendera, palokha lalembedwa 14.7 mpaka pamwamba, yang'anani, zimachitika. Kapena mafuta sakufika, pampu yatopa kapena fyuluta yatsekeka. Chizindikiro cha chachitatuchi ndi choti mukuwonjezera VE, pulse ikutalika mu log, koma lambda siikutsika molingana, ndipo imanka iipiraipira rpm ikamakwera. Apo mangani geji ya presha muone ngati siikugwa injini ikamakoka. Onaninso duty cycle, gawo la nthawi lomwe injekita imakhala yotsegula. Pa 6000 rpm injini ya four stroke imamaliza kuzungulira kawiri mu 20 ms, ndiye ngati injekita ikuthira kamodzi mu nthawi imeneyo, pulse ya 17 ms ndi maperesenti 85 kale, kupitirira apo injekita yatsala pang'ono kungokhala chotsegula. Kwa inu ndi ma injekita aakuluwo sindikuyembekeza kuti mwafika pamenepo, ine maso anga ali pa mabokosi osakonzedwa ndi pa pampu.

Zonsezi zikakhala bwino, masamu ake ndi ophweka. VE yatsopano ndi VE yakale kuchulukitsa ndi lambda yomwe mwayeza, kugawa ndi lambda yomwe mumafuna. Bokosi lili pa 62, mumafuna 0.88, mwapeza 0.95, ndiye 62 kuchulukitsa 0.95 kugawa 0.88 ikupereka pafupifupi 67. Ngati EGO correction, yomwe ECU imadzikonzera nayo mafuta potengera wideband, inali yoyatsa muiwerengerenso, chifukwa lambda itha kuoneka yabwinobwino pomwe ECU ikudziwonjezera yokha maperesenti 8 kuseri, ndipo 8 ameneyo ndi amene akuyenera kulowa mu tebulo. Pa mabokosi oyenda wamba ine ndimaika theka la kusinthako kaye, ndiyendenso, ndione, chifukwa ECU imasakaniza mabokosi anayi oyandikana ndiye mukasintha onse mokwanira nthawi imodzi mumapitirira. Koma pa moto wonse ndimachita mosiyana, ndimayambira ku mafuta ochuluka dala n'kumatsitsa pang'onopang'ono, kukoka kwakufupi, khutu lili tcheru kumvera kugogoda, geji ikangoloza ku lean phazi lichoke pompo. Mukatha yang'anani tebulo mu 3D. Injini siisintha kapumidwe mwadzidzidzi pakati pa 2500 ndi 3000 rpm, ndiye nsonga kapena dzenje lililonse lodzidzimutsa ndi log yoipa, lisalazeni ndi manja, ndipo mabokosi omwe simunafikemo muwadzaze motsatira mmene anzawo akukwerera.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ECU yobwera ndi galimoto, nzeru yake ndi yomweyi kungoti mumayang'ana fuel trim, maperesenti a mafuta omwe ECU ikuwonjezera kapena kuchotsa yokha, kudzera pa soketi ya OBD2 ndi kachipangizo ngati ELM327. Phatikizani trim ya short term ndi ya long term. Zikakhala mkati mwa maperesenti 5 uku ndi uku palibe chodetsa nkhawa, zikadutsa 10 pali chofufuza. Trim yokwera pa idling yomwe imatsika mukakweza rpm nthawi zambiri ndi mpweya wolowera pambali, yokwera injini ikamakoka imaloza ku pampu, fyuluta kapena MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa) yakuda. Koma sensa wamba ya narrowband imangodumpha pakati pa 0.1 ndi 0.9 V mozungulira lambda 1, singakuuzeni ngati pa moto wonse muli pa 0.85 kapena 0.95, musayese kuikonzera tebulo.

Achimwene, bwererani ku tune (fayilo ya makonzedwe a ECU) yomwe munali nayo pulogalamu isanaigwire, ndikhulupirira munasunga, ndipo kuyambira pano fayilo iliyonse muziipatsa dzina ndi deti komanso chomwe mwasintha, chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukakonza dead time, VE ya pansi yonse ifunika kuyambiranso, musadabwe nazo. Kenako nditumizireni log ya mphindi 15 yoyenda mogwira phazi muja, mukhale rpm, MAP (presha ya mu manifold), TPS, lambda, target, EGO correction, pulse width, voteji, kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa, pamodzi ndi chithunzi cha mapulagi anayiwo mutawayala motsatana kuyambira silinda 1 mpaka 4.