Kodi bambo akatsuka mbale, "athandiza"?

Mayi wina wa ku Ndirande, yemwe ndi namwino, wafunsa kuti: "Ine ndi amuna anga tonse timalandira malipiro pakutha pa mwezi. Iwo akatsuka mbale amati andithandiza. Ine ndikalipira lendi, apongozi amati ndikuthandiza mwana wawo. Kodi mawu amenewa ndi olondola?"

Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa mneni ameneyu, "kuthandiza", ndakhala ndikulimbana naye zaka zambiri. Pothandiza pamakhala mwini ntchito, ndiye wina wongobwera kudzamupepuza. Mukathandiza mnansi kusenza thumba la chimanga, thumbalo ndi lake, ndipo mukatopa mukhoza kulitula popanda wokuimbani mlandu. Choncho bambo akati "ndakuthandiza kutsuka", akutanthauza kuti mbalezo ndi zanu. Apongozi nawonso akutanthauza kuti lendi ndi udindo wa mwamuna, ndipo tikudziwa kuti mwini udindo ndiye amalamula kopita ndalama. Mawu amodzi omwewo akusiyirani inu khitchini, chikwama apereka kwa bambo.

Chimandiwawa kwambiri ndi ka- wochepsa uja. Mayi wina amadzuka tambala woyamba kukapikula tomato ku Limbe, amaponya ku banki m'khonde, fizi ya ana imachoka momwemo, koma kunyumba amati "kageni ka amayi". Geni tinabwereka ku Chingerezi, ndipo ine sindikayika kuti ganyu anachokera ku liwu la Chipwitikizi lakuti ganho. Onse awiri gwero lake ndi phindu. Nanga phindu lolipira fizi lingakhale "ka"?

Ndinakulira ku Dedza, kwa agogo anga aakazi, kumene agogo aamuna anali mkamwini. Chimanga chotuluka m'nkhokwe ankachiyeza ndi agogo aakazi ndi lichero lawo, ndipo sindinamvepo munthu akunena kuti iwo "amangokhala", monga ena amanenera za mayi wapakhomo masiku ano.

Achinyamata amati "timasheya ntchito", pomwe Chichewa chili kale ndi -an-: kuthandizana, kugawana, kumvana. Pamawu amenewa palibe mwini, palibe mlendo. Choncho yankho langa, mayi, ndi lakuti mawuwo ndi olondola pa galamala koma akunama pa za m'nyumba mwanu. Bambo azinena kuti "timathandizana", kapena angoti "ndatsuka mbale". Paja nawonso anadyeramo.