Mabaluni a pa phwando la mwana: hydrogen kapena helium?

Mayi, mwati wogulitsa mabaluni wakuuzani kuti ali ndi mipweya iwiri, helium wodula ndi hydrogen wotchipa, ndiye mukufunsa ngati pali kusiyana popeza yonse imakweza baluni m'mwamba. Kusiyana kulipo, ndipo ndinene mosapita m'mbali: pa phwando la ana tengani helium. Ngati thumba silikulola, popani mabaluniwo ndi mpweya wamba n'kuwamangirira pa chingwe, akongolabe. Koma hydrogen asalowe m'nyumba momwe muli makandulo a pa keke.

Pa nkhani yokweza baluni mwanena zoona, yonse ndi yopepuka. Lita imodzi ya mpweya tikupumawu imalemera pafupifupi magalamu 1.29, ya helium 0.18, pomwe ya hydrogen ndi 0.09 basi. Palibe mpweya wina wopepuka kuposa iwiriyi. Ena akaona manambalawa amaganiza kuti hydrogen amanyamula katundu kuwirikiza kawiri, koma si choncho. Chimene chimakweza baluni ndi kusiyana kwa kulemera pakati pa mpweya wa kunja ndi wa m'kati. Mukachotsera, hydrogen amanyamula magalamu 1.20 pa lita, helium 1.11. Phindu lake silifika ngakhale pa 10 peresenti, moti pa baluni ya mwana simungalione n'komwe.

Pamene asiyana kwambiri ndi m'kati mwa atomu, kachidutswa kakang'ono zedi kosaoneka ndi maso kamene kamapanga chinthu chilichonse. Atomu ya hydrogen ili ndi tinthu tiwiri totere, pulotoni imodzi pakati ndi elekitironi imodzi yozungulira kunja, pomwe ya helium ili ndi ziwiriziwiri. Tsono malo oyamba ozungulira pakati pa atomu amadzaza ndi maelekitironi awiri. Helium ndi wodzaza kale, ali ngati mlendo wokhuta, mumuikire nsima ya ndiwo zanji sasamba m'manja. N'chifukwa chake sayaka, sagwirizana ndi chinthu china, ndipo atomu iliyonse imayenda payokha. Hydrogen ndi wopereweredwa, ndiye maatomu ake amayenda awiriawiri, ndipo akakumana ndi okosijeni pamalo pamene pali kamoto amalumikizana naye mwaukali, n'kutulutsa kutentha koopsa. Chotsala pambuyo pake ndi madzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti hydrogen safuna zambiri kuti ayake. Akangofika 4 peresenti mu mpweya wa m'chipinda akhoza kugwira moto, ndipo amagwirabe mpaka pa 75 peresenti. Kandulo, ndudu, mbaula ya makala pakhonde, ngakhale kamagetsi kothetheka kamene kamabwera baluni ikakhulana ndi chovala cha nayiloni, zonsezi n'zokwanira. Lawi lakenso masana silioneka bwino. Ndiye taganizani mabaluni mulu atamangidwa pamodzi pamwamba pa tebulo, mwana wawerama kuti azimitse makandulo, nkhope ndi tsitsi zili pomwepo. Imodzi ikaphulika, zinzake zimatsatira.

Dziko linaphunzira zimenezi mowawa pa 6 May 1937, pamene Hindenburg, chombo chachikulu cha mumlengalenga cha ku Germany chodzazidwa ndi hydrogen, chinayaka pofuna kutera ku Lakehurst m'chigawo cha New Jersey ku America. Anthu 36 anafa. Pa nthawiyo helium wambiri anali m'manja mwa America, ndipo lamulo la dzikolo linkaletsa kumugulitsa kunja mwachisawawa.

Musamve ngati hydrogen ndi chinthu choipa, ayi. Ali m'madzi amene timamwa, ndipo feteleza wa Urea amene timathira m'chimanga amachokera ku ammonia, amene amapangidwa pophatikiza hydrogen ndi nitrogen. Kumafakitale amamusamala ndi zida zake ndi anthu odziwa ntchito. Pabwalo la phwando zimenezo palibe. Kutchipa kwake n'chifukwa chakuti amapangika mosavuta, kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka kapena ku madzi podutsitsamo magetsi.

Helium kudula kwake kuli ndi chifukwa. Palibe fakitale imene ingamupange. Amapangika pang'onopang'ono pansi pa nthaka kwa zaka mamiliyoni ambiri, uranium ndi thorium za m'miyala zikamasweka, ndipo amapezeka atasakanikirana ndi gasi m'zitsime zina, makamaka ku America, Qatar ndi Algeria. Mu 2016 akatswiri analengeza kuti apeza helium wochuluka kufupi ndi nyanja ya Rukwa, kwa anzathu a ku Tanzania kuno. Helium akangotayikira mu mpweya kumutolanso n'kovuta, ndipo m'kupita kwa nthawi amathawira kuthambo osabwereranso. Chonsecho ndi iyeyu amene amaziziritsa maginito a makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi m'zipatala, chifukwa amakhala wamadzimadzi pa madigiri 269 pansi pa ziro, pomwe hydrogen ndi pa 253. Ine mtima umandipweteka ndikamaona mabaluni ambirimbiri akutayidwa m'mwamba pa ukwati, ndiye ngakhale helium yemweyo, gulani ochepa.

Kwa ana a sukulu, dziwani kuti awiriwa ndi pachibale: dzuwa limawala chifukwa m'kati mwake hydrogen akusanduka helium. Helium anayamba kuonedwa m'kuwala kwa dzuwa mu 1868, ndipo katswiri wa sayansi William Ramsay anadzamupeza pansi pano mu 1895.

Pogula, kumbukirani kuti mipweya yonseyi ilibe mtundu kapena fungo, choncho simungaisiyanitse ndi maso kapena mphuno. Muuzeni wogulitsayo akuonetseni silinda yake muwerenge nokha zimene zalembedwapo. Ngati mpweyawo akuupanga yekha m'chigubu ndi mankhwala, ameneyo si helium, ndipo musayese ndi machesi kuti mutsimikize. Mabaluni a labala apopedwe tsiku la phwando lomwelo, chifukwa helium amatuluka m'timabowo tosaoneka ndi maso, mawa lake mumapeza afota pansi. Chinanso, ana amakonda kukoka helium m'kamwa kuti mawu amveke ngati a kamwana. Helium alibe poizoni, koma amalanda malo a okosijeni m'mapapo, munthu n'kukomoka mosayembekezera, ndipo kukoka kuchokera pa silinda kwaphapo anthu. Silindayo isakhale pamene ana angafikire, ndipo tizidutswa ta baluni yophulika muzitola msanga, makanda angatsamwidwe nato.