Funsani Khukhi: Mwana wanga akutsuka mapoto ku bistro

FUNSO: Bambo, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mufakose, muno mu Harare. Mwana wanga wachiwiri, wa zaka 19, analemba O Level koma masamu anamukana. Mwezi wa Malichi anapeza ntchito pa lesitilanti ina yaing'ono ya zakudya za Chifalansa ku Avondale, eni ake amati ndi bistro. Ntchito yake ndi kutsuka mapoto basi. Amafika pakhomo cha m'ma 11 koloko usiku, manja atatuwa ndi sopo. Bambo ake akuti asiye. Akuti agogo ake anachoka ku Dedza kudzaphikira azungu ku Salisbury, Harare ya masiku ano, ndipo anamwalira alibe ngakhale njinga, ndiye mdzukulu abwererenso komweko? Koma mwanayo akuikonda ntchitoyi. Kodi muli tsogolo mmenemu? Mayi wodandaula, Mufakose.

YANKHO: Mayi, mawu a bambo a kunyumbawo musawapeputse. Ife ana a matchona tikudziwa mmene makolo athu anakalambira m'makhitchini a anthu, akuitanidwa kuti "boyi" imvi zili mbuu. Chilonda chimenecho sichinapole. Koma agogowo ankaphika m'nyumba ya munthu mmodzi, ndipo pamwamba pawo panalibe mpando wina woti akwerepo. Khitchini ya Chifalansa ili ndi makwerero, ndipo phazi loyamba limaponda pa sinki pamene pali mwana wanuyo.

Inenso ndinayambira pomwepo, mu 1979, pa hotela ina m'tauni muno. Sabata yanga yachiwiri ndinapeza chimphika chachikulu chili pambali pa chitofu, muli madzi oderako, mafupa akuyandama. Ndinati anthu awa ndi auve, n'kukhuthulira zonse m'ngalande, mphika n'kuukwecha mpaka kuwala. Unali msuzi wa mafupa a ng'ombe umene unakhala pamoto usiku wonse, woti apangire masosi a tsiku limenelo. Shefu sanandikalipire nthawi yomweyo, anangondiyang'ana. Kenako anandipatsa mafupa ena, anyezi ndi kaloti, n'kunena kuti sindichoka mpaka mphikawo utadzazanso. Ndinaweruka m'bandakucha. Kuphika ndinakuyamba usiku umenewo.

Makwerero ndikunenawa anawakonza bwino ndi Auguste Escoffier, khukhi wa ku France, amene anabadwa mu 1846 ndipo analowa m'khitchini ya amalume ake ku Nice ali ndi zaka 13. Atapita ku hotela ya Savoy ku London mu 1890, anagawa ntchito ngati gulu la asilikali, aliyense ndi malo ake. Wotsuka mapoto amatchedwa plongeur. Pamwamba pake pali commis, wophunzira amene amasenda, kudula ndi kukonzeratu zonse moto usanayake. Kenako chef de partie, mwini chigawo chimodzi: wina masosi, wina nsomba, wina zozizira, wina makeke. Ndiye sous-chef, wachiwiri kwa bwana, ndipo pamwamba penipeni shefu wamkulu. Mayinawa mwana wanu awaloweze, chifukwa kaya ndi ku Cape Town, ku Dubai kapena pa sitima za pamadzi zonyamula alendo, adzawapeza omwewa.

Koma bistro si hotela, ndipo mwayi wake uli pomwepo. Pa hotela yaikulu munthu ukhoza kutha zaka ziwiri ukungosenda mbatata. Mu bistro, mmene ndaonera ine, kukhitchini mumakhala anthu anayi kapena asanu. Wa masaladi akadwala Lachisanu madzulo, matebulo onse atadzaza, shefu sayang'ana satifiketi, amayang'ana amene ali pafupi ndipo manja ake ndi oyera. Zakudya zakenso n'zochepa ndipo zimabwerezedwa tsiku ndi tsiku: nyama yootcha ndi tchipisi, supu ya anyezi, nyama ya ng'ombe yophikidwa pang'onopang'ono mu vinyo wofiira imene amati boeuf bourguignon. Mwana wamaso akaziona maulendo 200 ali pa sinki, dzanja limakhala litadziwa kale asanagwire chikombe.

Bambo a kunyumbawo muwauzenso za anthu amene anadzaza Paris ndi timalo totere. Ambiri anali obwera, ochokera kumapiri osauka a Auvergne, ku France komweko, m'zaka za m'ma 1800. Anayamba ndi kusenza madzi m'misewu, kenako kugulitsa nkhuni ndi malasha. Mwamuna akapita kukapereka malasha m'makomo, mkazi ankatsala pa kauntala kugulitsa vinyo ndi chakudya chapakhomo. Anthu a m'tauni ankawatcha ma bougnat, monga mmene kuno anatipatsira ife mayina athu aja, mukuwadziwa. Ndikamawerenga za iwo ndimaona ngati akunena za Mbare, lokeshoni yakale ya muno mu Harare.

Palinso mayi wina wa ku France, Eugénie Brazier. Anakulira pa famu akuweta ziweto, anapita ku Lyon kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo mu 1921 anatsegula kalesitilanti kake. Mu 1933 malo ake awiri analandira nyenyezi zitatuzitatu za Michelin, ulemu waukulu kwambiri pa ntchito yathuyi. Khukhi Paul Bocuse, amene dzina lake linamveka dziko lonse, anaphunzira kwa mayi ameneyu. Sindikuti mwana wanu adzafika pamenepo. Ambiri sitifika, ine ndinapumira pa sous-chef, mawondo atatha. Koma nyumba ya ku Glen View ndinamanga ndi mpeni.

Tsopano zoti muchite. Musamufunse kuti "ntchito ikuyenda bwanji", adzangoti bwino. Mufunseni kuti sabata ino wagwira mpeni kangati, ndipo wadula chiyani. Ikakwana miyezi 6 mpaka 9 asanapatsidwe ngakhale thumba la anyezi, apite kwa shefu nthawi ya masana, ntchito itazizira, akapemphe mwaulemu kuti azibwera msanga ndi ola limodzi kudzathandiza kudula. Shefu amene akana zimenezo akufuna wotsuka wamuyaya, ndipo mwanayo ayambe kuyang'ana kwina. Malo otere alipo, sindikubisirani. Alipo ena amene amati "tikukuphunzitsa" chaka chathunthu kuti asakulipire bwino. Malipiro a m'malesitilanti kuno ali ndi magiredi ake ku NEC ya Catering Industry, bungwe la olemba ntchito ndi ogwira ntchito loona za malipiro, choncho aone kuti pa pepala lake la malipiro alembapo giredi yanji, ndipo pepalalo azisunga.

Za masamu zija musataye nazo mtima, koma alembenso. Khukhi amene satha kuwerengera kuti mbale imodzi yadya ndalama zingati za batala ndi nyama sangapatsidwe khitchini, ngakhale sosi yake ikome chotani. Akakhala ndi zaka zingapo pa chitofu akhoza kukalemba trade test ya boma, mayeso a luso la ntchito, imene imayambira Class 4 kukafika Class 1, ndipo mahotela akuluakulu amafunsa pepala limeneli. Ndalama zikapezeka, ku Bulawayo kuli School of Hospitality and Tourism. Chifalansa chenicheni sichofunika kuti munthu aphike, mawu a kukhitchini amalowa okha m'khutu, koma akachifuna, Alliance Française ili pa Herbert Chitepo Avenue.

Za manja otuwawo, mugulireni magolovesi aatali a labala ndi Vaseline. Nsapato zikhale zotseka ndi zosaterera, mafuta otentha sadziwa kuti uyu ndi mwana wa munthu. Ndipo tsiku lina akapuma, mumusiyire khitchini yanu aphike supu ya anyezi, bambo ake adye osauzidwa kuti waphika ndani.

FUNSO: Ndine Msilamu wa ku Epworth, andiitana kukayesedwa uweita pa malo a zakudya za Chifalansa. Kodi ndingapewe mowa ndi nkhumba? Mnyamata wa ku Epworth.

YANKHO: Achimwene, kunena zoona n'kovuta. Weita wa mu bistro amatsegula mabotolo a vinyo usiku wonse, ndipo alendo amamufunsa kuti nsomba iyi ikuyenda ndi vinyo uti. Kukhitchini nako, nkhuku ija amati coq au vin imaphikidwa mu vinyo pamodzi ndi tizidutswa ta nyama ya nkhumba, ndipo wina asakunamizeni kuti mowa wonse umauluka pamoto, wina umatsalamo. Ndinagwirapo ntchito ndi anzanga achiyao amene ankanyamula mbale koma osalawa, ena anakana n'kusankha mbali ya buledi ndi makeke, ngakhale kumenekonso nthawi zina amathira ramu kapena burande. Kambiranani ndi ashehe anu musanapite, ndipo zimene mwagwirizanazo mukamuuze manijala tsiku loyesedwalo, asanakulembeni.