Nkhope ya agogo yatuluka ngati mchenga, ndisinthe kamera?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi kamera ya Pentax K1000 yomwe anandisiyira malemu bambo, ndimajambulira filimu ya 35mm. Pa chinkhoswe cha mchemwali wanga ku Chilomoni ndinajambula gulu lonse la kwathu, ndiye ndinadula chithunzicho kuti patsale agogo okha ndikulitse cha pabalaza koma zatuluka zachisoni, nkhope yonse timadontho ngati mchenga. Amalume akuti nditha kubwereka Yashica-Mat yawo ija ya malenzi awiri. Ingathandize? Ndine wowerenga wa ku Chilomoni.

YANKHO: Achimwene, Pentax yo ilibe mlandu ayi, nkhani yagona pa kukula kwa negetivu. Ya 35mm ndi 24 x 36mm basi, kuti pabwere chithunzi cha 40 x 50cm mukuikulitsa pafupifupi ka 17, ndiye inu munadulanso n'kutsala ndi kamutu ka agogo komwe pa negetivupo mwina sikakwana ndi chikhadabo chomwe. Mchenga mukuuonawo ndi grain, tinthu ta mu filimu momwemo tomwe timagwira kuwala, mukamakulitsa chithunzi nato timakula, makamaka ngati filimu yake inali yogwira kuwala msanga, monga ya ISO 400.

Yashica-Mat imalowa filimu ya 120, yomwe Kodak anaitulutsa kalekale mu 1901. Negetivu yake ndi 56 x 56mm, malo ake kuposa ya 35mm katatu ndi theka, ndipo 40 x 50cm yomweyo mukukulitsa ka 9 kokha. Chomwe ine ndimaikondera kwambiri n'choti mbali zonse n'zofanana, mukatsukitsa ndi pomwe mumasankha kuti chikhale choimirira kapena chopingasa, mudule uku mudule uko khungu limaonekabe losalala, makwinya ndi maluwa a pa duku zonse mbee.

Koma dziwani kuti mpukutu umodzi ndi zithunzi 12 zokha osati 36 ngati wa 35mm, lenzi yake ya 80mm sichotsedwa, komanso mukawerama kuyang'ana pa galasi loonerapo chithunzi la pamwambapo kumanja kumaoneka kumanzere, tsiku loyamba mutu umazungulira ndithu. Musanagule filimu yambani mwafunsa ngati otsuka anu amalandira 120.

Cha chinkhoswe chija chisiyeni cha gulu momwemo, ndi chabwino kale. Ngati agogo ali pafupi pitani Lamulungu akaweruka ku tchalitchi asanavule za mapemphero, akhazikeni pakhonde pa mthunzi, kamera muiike pa thirayipodi (choimikapo kamera cha miyendo itatu) kapena pa tebulo kuti isagwedere, ndipo muyandikire mpaka adzaze galasi lonselo.