Chomwe chinalekanitsa Simon ndi Garfunkel

Achimwene, mwafunsa ngati Paul Simon amene anadzayimba ku Harare uja ndi yemweyo wa Simon and Garfunkel, komanso kuti ngati awiriwa anatchuka choncho anasiyaniranji. Ndi yemweyo. Koma ndaona ena akuyankhani kuti Art Garfunkel ankangodyera pamsana pa mnzake, ndipo pamenepo ine ndikukana.

Onse awiri anabadwa mu 1941, anakulira dera limodzi ku Queens mumzinda wa New York, ndipo anadziwana kusukulu mu 1953. Poyamba sankayimba za folk, nyimbo zamakolo zija, ayi. Ankatengera a Everly Brothers, kayimbidwe kolukana mawu mpaka womvera osadziwa kuti wapamwamba ndani, wapansi ndani. Mu 1957, akadali ku sekondale, anajambula Hey, Schoolgirl podzitcha Tom and Jerry, ndipo inafika pa nambala 49 pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America. Vuto linayambira pomwepo. Simon anakajambula nyimbo payekha pa dzina loti True Taylor osamuuza mnzake, ndipo Garfunkel anakhala nazo kukhosi zaka zambirimbiri.

Atapita kukoleji, Simon ku Queens College, Garfunkel ku Columbia University, mphepo inali itasintha. Achinyamata a ku America anali atatembenukira ku nyimbo zamakolo awo, zoyimba ndi gitala basi wopanda magetsi, m'timalo tating'ono ta ku Greenwich Village komwe a Bob Dylan ankayimba. Awiriwa analowa momwemo mu 1963. Kampani ya Columbia Records inawatenga, nkutulutsa chimbale chawo choyamba, Wednesday Morning, 3 A.M., mu Okutobala 1964. Sichinayende malonda ngakhale pang'ono. Simon ananyamuka ulendo wa ku England kukayimba m'makalabu, Garfunkel nkubwerera kusukulu. Kunena zoona gululi linali litatha.

Chimene chinawadzutsa iwo sanachipange. Mu 1965 Tom Wilson, amene anayang'anira kujambula kwa chimbale chija, anamva kuti mawailesi ena ayamba kuulutsa nyimbo ina ya m'chimbalecho, The Sound of Silence. Anaitana oyimba ena mu situdiyo, nkuthiramo magitala amagetsi ndi ng'oma pamwamba pa mawu akale aja, eni ake osadziwa. Pofika Januwale 1966 nyimboyo inali pa nambala 1 mu America monse, Simon nkubwerako ku England. Mukaipeza pa YouTube mverani zonse ziwiri, ya 1964 ndi ya 1965. Pa yachiwiriyo pali pomwe ng'oma zimachita kudikira mawu, chifukwa anyamatawa poyimba koyamba sankatsata kugunda kwa ng'oma iliyonse.

Zaka zinayi zotsatira anali pamwamba: zimbale zinatsatana, filimu ya The Graduate ya 1967 inagwiritsa ntchito nyimbo zawo, ndalama zinalowa.

Tsono nkhani yagona pa kagawidwe ka ntchito. Pafupifupi nyimbo zonse ankapeka ndi Simon, gitala ankayimbanso ndi iyeyo. Garfunkel anabweretsa mawu, komanso khutu lodziwa kusanja mawuwo mu situdiyo, limodzi ndi katswiri wawo wojambula Roy Halee. Amene akuti ankangodyera nawo akamvere Bridge over Troubled Water, yomwe inatuluka mu Januwale 1970. Anapeka ndi Simon, atakhudzidwa ndi nyimbo yauzimu ya gulu la Swan Silvertones, koma woyimba ndi Garfunkel, ndipo ndi Garfunkel ndi Halee amene anamukakamiza kuti awonjezere ndime yachitatu, yomwe imaikweza nyimboyo mpaka kumapeto. Popanda mawu apamwamba aja sikanakhala momwe ilili. Koma taganizani mmene Simon ankamvera, ataima kumbali kwa nsanja, anthu akuombera m'manja mnzake pa nyimbo imene iye anavutika nayo. Iye mwini anadzavomera pambuyo pake kuti zinkamuwawa. Winayonso naye ankadziwa kuti tsiku lomwe Simon adzasiye kumulembera nyimbo, zake zada. Aliyense anali ndi chomwe mnzake analibe, ndipo aliyense ankachita nacho nsanje. Paja atambala awiri salira m'khola limodzi.

Chomwe chinadula chingwe ndi filimu. Mike Nichols, yemwe anakonza The Graduate, anawapatsa onse awiri mbali mu Catch-22, kenako mbali ya Simon nkuichotsa. Mu 1969 Garfunkel anakakhala miyezi yambiri ku Mexico akujambula, Simon ali ku New York kudikira kuti amalize chimbale. Atamva kuti mnzakeyo wavomeranso filimu ina, zinakwana. Chimbale cha Bridge over Troubled Water chinagulidwa kuposa zonse zomwe anapangapo, chinapata mphoto za Grammy mu 1971 kuphatikizapo ya chimbale chopambana pachaka, koma pomwe ankalandira mphotozo anali atasiyana kale.

Anabwererana kangapo, osakhalitsa. Chionetsero chachikulu chinali pa 19 Seputembala 1981 ku Central Park mumzinda wa New York, komwe kunasonkhana anthu pafupifupi 500,000. Zitayenda bwino choncho anayamba kukonza chimbale chatsopano, koma anakanganiranso mu situdiyo. Simon anafufuta mawu a Garfunkel nkuchitulutsa yekha mu 1983 pa dzina loti Hearts and Bones. Apa ineyo sindimuikira kumbuyo Simon. Nyimbo zinali zake, zokamba za moyo wake, inde, koma kufufuta mawu a munthu amene mwakula naye ndi nkhanza.

Za ku Harare zinabwera pambuyo pa zonsezi, Simon ali yekha. Mu 1985 anapita ku Johannesburg kukajambula ndi oyimba akuda a ku South Africa, ndipo chimbale chake cha Graceland chinatuluka mu 1986, muli Ladysmith Black Mambazo, Ray Phiri pa gitala ndi Bakithi Kumalo pa besi. Ambiri anamudzudzula kuti waphwanya mgwirizano wosala dziko la tsankholo pa zachikhalidwe. Popeza Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, oyimba a ku South Africa amene ankayimba naye pa ulendo wa Graceland, sakanatha kulowa kwawo, chionetsero chake chinachitikira pa bwalo la Rufaro mu Febuluwale 1987. Garfunkel panalibepo. Nchifukwa chake kuno kwathu ambiri amamudziwa Simon osamudziwa winayo.

Mu 2003 ndi 2004 anayendanso limodzi akuyimba, ndipo anaitana a Everly Brothers kuti azidzayimba nawo. Mu 2010 anayimba ku New Orleans, Garfunkel mawu atayamba kumuvuta chifukwa cha matenda apakhosi, ndipo maulendo ena omwe anakonza chaka chimenecho analephereka.