Kodi wogulitsa laputopu akunena zoona?

FUNSO: Akonzi, ndikufuna kugula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wogulitsa akuti ili ndi RAM ya 8 GB komanso Windows 11. Mnzanga wandichenjeza kuti ndisakhulupirire zomata za pamwamba, koma ndifunse makinawo pa Command Prompt. Kodi zimenezi zimatheka bwanji? Ndine mphunzitsi wa ku Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, mnzanuyo wakulangizani bwino, chifukwa chomata angathe kuchimatula pa makina ena n'kuchimata pa ena, pamene kompyuta ikafunsidwa imaulula zimene zili m'kati mwake. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, kenaka dinani Enter. Pawindo lakuda limene litseguke, lomwe ndi Command Prompt, lembani systeminfo, dinaninso Enter, ndipo mudikire pang'ono.

Mizere ituluka yambiri, koma yambani ndi wa Total Physical Memory, umene umanena kukula kwa RAM, malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito. Musadabwe mukaona nambala yocheperako pang'ono pa 8,192 MB (ndiyo 8 GB ija), poti makina amapatulako kagawo kena ka zithunzi za pa sikirini, koma nambalayo ikakhala cha m'ma 4,000, dziwani kuti akufuna kukugulitsani theka pa mtengo wathunthu.

Mzere wa OS Version umasokoneza ambiri, chifukwa ngakhale Windows 11 imalembabe 10.0. Onani OS Name, kapena nambala ya Build, imene pa Windows 11 imayambira pa 22000, kuti asakugulitseni Windows 10 ngati Windows 11. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Musanyengeke ndi Original Install Date. Detilo limangosonyeza tsiku limene Windows inaikidwa komaliza, ndipo ogulitsa ambiri amaiika mwatsopano asanatulutse katundu, kotero kuti makina okalamba amaoneka ngati a dzulodzuloli. Kuti mudziwe msinkhu wake, lembani papepala dzina limene lili pa System Model n'kukalifufuza pa intaneti.

Ngakhale simunafunse za batire, ndi kuthimathima kwa magetsi kuno kwathu sindingalisiye. Pawindo lakuda lomwe lija lembani powercfg /batteryreport, ndipo makinawo akuuzani pamene asunga lipoti. Mukalitsegula, yerekezani Design Capacity, mphamvu imene batirelo linabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, imene likusunga lero. Yachiwiriyo ikatsika kufika pa theka la yoyamba, muuzeni wogulitsayo achotsere pa mtengo ndalama ya batire latsopano musanatulutse chikwama.