Gemu ikuchedwa kuloda: ndigule SSD yanji?

Funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata wina wa ku Luchenza. Akuti: "Amisiri, ndili ndi laputopu ya HP yogwiritsidwapo kale, Core i5, RAM 8GB, hadi disiki ya 500GB. Ndikatsegula GTA V ndimatha kukatereka madzi a tiyi, kubwera ikulodabe. Mnzanga akuti ndigule NVMe, ndipo ku Limbe ndaona ina yolembedwa 7,000MB/s. Ndigule imeneyo?"

Aphwanga, ndalamazo zibayamba zakhala m'thumba. Kuti vuto ndi hadi disikiyo mwalondola, koma mankhwala amene mnzanuyo wakulemberani, NVMe, imene ndi mtundu wa SSD wothamanga kwambiri, mwina salowa n'komwe mu laputopu yanu.

M'kati mwa hadi disiki muli kambale kozungulira ndi kasingano kowerenga. Za m'malaputopu zambiri zimazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndipo zikalimbikira zimawerenga cha m'ma 100MB pa sekondi. Koma gemu si fayilo imodzi yaitali yoti kasinganoko kangotsata. Ndi tizidutswa tambirimbiri, ta misewu, ta magalimoto, ta mawu, tomwazikana paliponse. Tayerekezani wothyola tiyi amene kapitawo wamuuza kuti athyole nsonga imodzi mzere uno, ina mzere wa kutsidya, ina abwererenso kuno. Dzuwa lidzalowa dengu lisanafike theka, ngakhale munthuyo akhale wa manja achangu. SSD, disiki yosunga zinthu m'timachipu ta magetsi, ilibe chozungulira chilichonse, kachidutswa kalikonse imakapeza nthawi yomweyo. Phindu lake lalikulu lagona pamenepo, osati pa nambala ya pakatoni.

SSD ya SATA, ija yooneka ngati kabokosi kopyapyala ka mainchesi 2.5, imalekezera cha m'ma 550MB pa sekondi. SATA ndi PCIe ndi njira zimene disiki imalumikizirana ndi kompyuta. NVMe ya PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500MB, ya PCIe 4.0 ndiyo ya 7,000MB mwaionayo. Papepala kusiyana kwake n'kochititsa mantha. Pa gemu ayi. Mukachoka pa hadi kupita pa SSD ya SATA, kudikira kuja kumadulidwa pakati, nthawi zina kuposa apo. Mukachoka pa SATA kupita pa NVMe, magemu ambiri amangopindula timasekondi tochepa, toti popanda wotchi m'manja simungatizindikire. Chifukwa chake n'chakuti mafayilo a gemu amakhala opanikizidwa, ndipo purosesa iyenera kuwamasula kaye. Core i5 yakaleyo ikamamasula pang'onopang'ono, NVMe imangokhala chilili kuidikira.

Ndiye musanakwere minibasi ya ku Limbe, tembenuzani laputopuyo, muwerenge nambala ya mtundu wake pansipo, muifufuze pa intaneti, kapena mupite nayo kwa mmisiri aitsegule. Ambiri mwa malaputopu akale ali ndi malo a 2.5 okha, pamene pakhala hadi yanuyo. Ena ali ndi kadoko ka M.2, kolowetsamo SSD yooneka ngati kandodo ka chingamu, kawirikawiri ya saizi ya 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Msampha uli apa: M.2 ndi kaonekedwe chabe. Ilipo M.2 ya SATA, ilipo M.2 ya NVMe, ndipo madoko ena amalandira mtundu umodzi wokha. Ya SATA nthawi zambiri ili ndi mipata iwiri kumano kwake, ya NVMe umodzi. Pashelefu yanga pali kandodo kotere kamene mwini wake anakagula mosafunsa. Kanalowa bwinobwino, koma kompyuta sinakaone, ndipo kumene anakagula anakana kukalandiranso poti katoni anali atang'amba. Komanso NVMe ya PCIe 4.0 mukaiika pa doko la 3.0 imagwira ntchito, koma pa liwiro la 3.0, ndiye ndalama zapamwambazo mwangopereka mphatso.

Ine ndikanakhala inu ndikanagula SSD ya SATA ya 500GB kapena 512GB. Ya 256GB ikopa ndi mtengo, koma GTA V yokha imadya pafupifupi 100GB, Windows nayo ifuna pake, ndipo SSD ikadzaza thothotho imayamba kuchedwa polemba. Muzisiyako malo. Mayina amene sanandichititsepo manyazi ndi monga Samsung 870 EVO, Crucial MX500 ndi WD Blue. Kingston A400 ndi yotsikirapo, koma pa kuloda gemu imakwanira. Hadi yakaleyo musataye. Ngati laputopu ili ndi polowetsa DVD, pali kachipangizo kotchedwa caddy kamene kamalowa pamenepo n'kunyamula hadiyo, apo ayi muigulire kabokosi ka USB izisunga nyimbo ndi mafilimu. Ndipo gemu muikopere kuchoka pa hadi yakale. Kudawuniloda 100GB ndi bandulo ya pafoni, pamenepo ndiye mwagula SSD kawiri.

Chimene ndimaopa kwambiri kuposa zonsezi ndi katundu wabodza. Inenso ndinalumidwapo. Chaka china ndinapeza SSD ya 1TB pa mtengo umene ena amagulitsira ya 256GB, ndipo dyera linandigwira. Windows inaonetsadi 1TB. Ndinakopera zinthu za kasitomala, zoyambirira zinatseguka, koma zotsatira zonse zinali zowonongeka. Nditaitsegula ndinapeza kabodi kakang'ono ngati chala, komata ndi guluu m'bokosi lopanda kanthu. Kuyambira tsiku limenelo SSD iliyonse yolowa mu shopu yanga imadutsa pa mapulogalamu awiri aulere. CrystalDiskInfo imaonetsa dzina la disikiyo, thanzi lake, ndi maola amene yakhala ikuyaka, choncho "yatsopano" ya maola zikwi zingapo imagwidwa pompo. H2testw imalemba disiki yonse mpaka kudzaza kenako n'kuwerenganso, ndipo ngati kukula kwake n'konama imaulula. Imatenga maola, ndiye pogula mugwirizane ndi wogulitsa kuti ikalephera mubweza, ndipo alembe zimenezo pa lisiti.

Ndikuuzirenitu kuti musadzandinene: SSD imafupikitsa kudikira, siisalaza gemu. Ngati galimoto mu GTA imayenda modukizadukiza, nthawi zambiri limenelo ndi vuto la graphics ndi purosesa, kapena kutentha. Malaputopu ambiri obwera kwa ine fani yake imakhala itatsekeka ndi fumbi limene chinyezi cha chiperoni chaliumba ngati chigumu. Poika SSD auzeni apukutenso fani.

Funso lina lalifupi lachokera kwa bambo wina amene ali ndi malo oseweretsa magemu pa Chitakale: "Ndili ndi ma PS4 atatu, ana amadandaula kuti mpira ukuchedwa kuyamba. SSD ingathandize?"

Achimwene, ingathandize, koma pang'ono kusiyana ndi pa kompyuta. PS4 imalandira disiki ya SATA ya 2.5 yosapitirira mamilimita 9.5 kunenepa, choncho za NVMe muiwale, izo ndi za PS5, imene imafuna ya PCIe 4.0 yokhala ndi choziziritsira. PS4 yoyamba ija ili ndi SATA II, yolekezera cha m'ma 300MB pa sekondi, ndipo ndi PS4 Pro imene inabwera ndi SATA III. Ndiye kugula SSD yodula n'kutaya ndalama, yotsika mtengo koma yeniyeni yakwana. Mukasintha disiki muyenera kuikanso pulogalamu yonse ya makinawo kudzera pa fulashi, ndipo mutenge fayilo yoikira mwatsopano pa tsamba la PlayStation, osati ya update chabe. Ma save a ana muwakopere kaye, chifukwa mwana amene wakweza timu yake miyezi itatu akapeza zafufutika, mlandu wake simuuthetsa ndi gemu yaulere.

Koma poti ndalama ndi zanu, ndinene maganizo anga. Ma PS4 amene amafika pa benchi yanga atafa disiki, ambiri sanafe ndi ukalamba, anafa ndi kuzima kwa magetsi gemu ili pakati. Hadi ikadulidwa mphamvu ikulemba, mafayilo amawonongeka, ndipo zikachitika kawirikawiri makina amayamba kukana kuyaka. SSD nayo sikondwa nazo. Ngati thumba likulola chinthu chimodzi mwezi uno, yambani ndi UPS, bokosi la batire losunga magetsi akazima, yoti ikupatseni mphindi zozimitsira makina atatuwo mwadongosolo. Kenako ikani SSD mu imodzi yokha, muiike pambali pa inzake, muyambitse mpira womwewo nthawi imodzi, ana omwewo awerenge masekondi. Mukaona kuti mzere wonse wasamukira pa imeneyo, mubwere nazo ziwiri zotsalazo.